Malata Pansi pa Udzu

"Kodi malata awa alowa bwanji m'nyumba muno ine ndili moyo?"

Mayi wa pakhomopo anapitiriza kusankha matimati pa chiguduli, akupsa uku, osapsa uko. Mchimwene wawo, yemwe anali kalipentala, anali ataluma pensulo, akuyeza khoma ndi chingwe. Malatawo anali atatsamira khoma la pabalaza, atsopano, onyezimira, moti mwini nyumba poyang'ana ankakumana ndi nkhope yake yomwe, yopindikapindika, nayonso ili ndi funso lomwelo.

Mwini nyumbayo anthu ankawatchula kuti a Tavutika. Dzina lenileni anali nalo, koma linatsalira pa chiphaso. Ili analipezera pa ntchito. Alendo akafika m'chigwa cha kwawoko, iwo ndi amene ankaimirira kulankhula m'malo mwa onse, ndipo mawu awo oyamba sankasintha.

Boma la kwawoko linakhala ngati mbale yopendekeka. Kumtunda, kumapiri, kumazizira, ndipo akumeneko amagulitsa mbatata ndi kabichi. Kumunsi, kumene mtsinje umatambasuka, amagulitsa mpunga ndi nsomba. A m'mbali mwa msewu wa phula salima kanthu, amagulitsa zimene alima anzawo, ndipo ndi amene ali ndi nyumba zopaka utoto. Pakati pali chigwa chamiyala, chosakwera mokwanira kuti kuzizire, chosatsika mokwanira kuti kufike madzi. A m'chigwa anafunafuna kwa nthawi yaitali choti nawonso azigulitsa. Anachipeza chaka chimene galimoto zoyera za mabungwe zinayamba kutsika njira yafumbi. Mbewu yake sifuna feteleza, ndipo imabereka kwambiri chaka cha chilala.

Bungwe linabwera ndi mawu ake osankhira anthu. Pali osauka, pali ovutika, pali ovutikitsitsa. Osauka ndi aliyense, ndipo salandira kanthu. Ovutika amalandira ndowa. Ovutikitsitsa amalandira ndowa, bulangete, sopo ndi alendo. A Tavutika anakwera makwerero amenewa ndi khama lawo, ndipo mawu apamwambawo ankawatchula pang'onopang'ono, monga munthu amatchulira udindo wake. Nyumba yawo ndiyo inali yoonetsa. Denga lake la udzu linali litajambulidwa kambirimbiri kuposa mkwatibwi aliyense m'bomalo.

"Achimwene, muyamba liti?" anafunsa mayiwo, maso ali pa matimati.

Kalipentala analavula pensulo n'kunena kuti mitengo ya phaso ikapezeka, denga likhala litatha mvula isanagwe.

"Denga la ndani?" anatero a Tavutika. "Alamu, ndimakulemekezani. Pindani chingwe chanucho. Amayi, mukudziwa chimene mwabweretsa muno? Mwabweretsa umboni. Munthu akaima pamsewu apo n'kuona kunyezimira, basi, tatsika. Tabwerera ku gulu la osauka wamba, pamodzi ndi anthu opanda mbiri."

Mayiwo anati malatawo sanabe. Anatunga madzi pachitsime ndi mutu wawo, anathirira dimba ndi manja awo, anasenza madengu mpaka ku msewu wa phula zaka zonsezi, ndipo tsopano akufuna kugona pouma. Anali ndi mphumu. Dzinja lililonse mphasa ikanyowa, chifuwa chinkawatseka moti ankagona chokhala, atatsamira khoma, akupuma ngati mluzu wong'ambika. Ana onse anakula n'kupita ku tauni. Panalibenso wina woti azipirira chifukwa cha iye.

"Bulangete mukufundalo linachokera kuti?" anafunsa a Tavutika.

"Limanyowa."

"Nanga mabeseni onse awa?"

"Ndi otchera mvula yomweyo, bambo. Anthu aja amatipatsa beseni kuti tizitchera madzi, kenako amabwera kudzajambula besenilo, kenako amatipatsa lina. Nyumba ino mabeseni achuluka kuposa mbale. Ine ndatopa kudumpha mabeseni popita kukagona."

A Tavutika anakhala pa mpando n'kuyamba kufotokoza modekha, ndi mawu amene ankagwiritsa ntchito pa misonkhano. Anati umphawi ndi chinthu chofuna kusamala. Munthu sangousiya panja kuti aliyense aziuponda. Anati iwo anafika mpaka ku hotela ya ku tauni, anagona pa bedi la masipiring'i, analankhula pa chimkuzamawu anthu ovala mataye n'kupukuta misozi, ndipo zonsezi zinatheka chifukwa cha denga limeneli. Kalipentala anafunsa ngati ku hotelako kunkadontha. A Tavutika anati alamu asalowerere za m'banja.

Nkhani ya malata inafika kwa mlangizi wa bungwe tsiku lisanathe. M'mawa mwake njinga yake yamoto inaima pakhomo. Anali mnyamata wa ndevu zometa bwino, waulemu, wovala chijasi cha matumba ambiri chokhala ndi chizindikiro cha manja awiri ogwirana. Analowa, anaona malata, anavula chipewa ngati walowa pa maliro.

Sanakalipe. Anayamba n'kuyamikira mayiwo chifukwa cha khama, nati bungwe limalimbikitsa amayi kudzidalira. Kenako anati kudzidalira kuli ndi nthawi yake. Akuluakulu akubwera kuchokera kunja mwezi womwewo kudzaona ngati pulojekiti ipitirire, ndipo kutsidya kwa mtsinje kwatulukira banja lina loopsa.

"Khoma lawo linagwa sabata yatha," anatero mlangizi. "Mbali yonse ya kumadzulo. Ukaima panja ukuona mpaka poto. Anzanga a ofesi ya kutsidya akungoyenda monyada."

"Anachita kulikankha," anatero a Tavutika. "Munthu uja ndimamudziwa. Alibe luso, amangodalira zida."

Mlangizi anati kaya analikankha kaya linagwa lokha, pa chithunzi sizioneka. Alendo akakhutira ndi kutsidya, galimoto zizikhotera kumeneko, ndipo chigwa chonse chidzatsala chikuyang'ana fumbi. Iye mwini ntchito idzamuthera. Anapempha mayiwo kuti adikire, akuluakulu adutse kaye.

"Akadutsa amenewo kubwera ena," anatero mayiwo. "Chaka chatha munati tidikire a zipewa. Atadutsa a zipewa munati tidikire a mabuku. Mvula yokha ndi imene sidikira. Mwana wanga, kwanu kumadontha?"

Mlangizi anati iye amachita lendi.

Madzulo kunabwera mlongo wa a Tavutika ndi amayi ena a m'chigwa. Anakhala pakhonde, miyendo yotambasula, akuthandiza kupukuta matimati osapemphedwa, n'kumasankhamo ofewa oti atenge popita. Mlongoyo anati iwo alibe nsanje, koma pali anthu ena amene akapeza pang'ono amaiwala kumene anachokera. Wina anati mwana wake akuyembekezera yunifolomu ya bungwe. Wina anati iye wangotsala pang'ono kukwezedwa kuchoka pa ovutika, ndipo zoterezi zikhoza kumubwezera m'mbuyo.

"Alamu, mukukhoma malata kapena mukutikhomerera?" anafunsa mlongoyo, ndipo onse anaseka, kupatula amene ankafunsidwa.

Amene anapeza njira anali kalipentala, yemwe ankangofuna kuti ntchito yake isafe. Anati malata akhomedwe, kenako pamwamba pake afolere udzu wakale womwewo. Kunja kukhala umphawi, m'kati kukhala pouma. M'kati, kuti malata asaoneke, apachike masaka akale m'munsi mwake. A Tavutika anafunsa ngati udzuwo uzionekabe wotopa. Kalipentala anati awuyala mosasamala, monga momwe anauyalira mwini wake poyamba.

Mayiwo sanakondwe. Ankafuna denga loti munthu akamatsika kuchokera ku msewu wa phula azilozera mnzake. Koma anayang'ana kumwamba, anaona mitambo yayamba kusonkhana kumapiri, anavomera.

Ntchito inagwirika mobisa ngati anthu akukwirira mbuzi yakuba. Phokoso la hamala a Tavutika ankalifotokozera odutsa kuti akupha chiswe. Malata atakhomedwa, a Tavutika anakwera okha pamwamba kukakonza udzu, akuzula apa, akusiya dzenje apo, n'kutsika kukaima patali kuti aone mmene zikuonekera. Masaka anawafukiza ndi utsi wa matayala mpaka anada ngati akhalapo chibadwire. Pomaliza nyumbayo inaoneka yomvetsa chisoni kuposa kale. Mlangizi atabwera kudzaona anawagwira chanza ndi manja awiri.

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku ochepa. M'mawa mayiwo anadzuka mochedwa, dzuwa litakwera. Anagwira mphasa, anagwira bulangete, anagwira khoma. Anatola mabeseni onse, anawasanjikiza pakona, lina anaviikamo zovala. Tsiku limenelo anapita ku dimba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo pokwera chitunda sanaime kuti apume.

Tsiku la akuluakulu litafika, chigwa chinadzuka msanga kukonzekera. Mbuzi zinapititsidwa kuseri kwa phiri. Mawailesi ndi mafoni analowa m'nkhokwe. Ana amene ankaoneka onenepa anauzidwa kuti akasewere kutali. A Tavutika anatsegula sutikesi n'kutulutsa malaya awo a ntchito, ong'ambika paphewa ndi pamsana, amene ankasungidwa opindidwa bwino kuopa kuti angawonongeke. Madengu a matimati anakabisidwa kwa mlongo wawo. Mabeseni anabwezedwa m'malo mwake, lililonse pamene linkakhala.

Alendo anafika masana: mayi wamtali wonyamula botolo la madzi, ndi bambo wa kamera amene ankamwetulira chilichonse, ngakhale nkhuku. Analowa pabalaza mowerama, anakhala pa mipando yobwereka. Mayi wa pakhomo anawapatsa moni n'kukakhala kuchipinda, pafupi ndi khomo.

"Tavutika," anayamba motero a Tavutika, ndipo anaima kaye kuti mawuwo akhazikike. Mlangizi ankamasulira. Ananena za nthaka yamiyala, za a kumapiri amene ali ndi mbatata, za a kumunsi amene ali ndi nsomba, za a m'chigwa amene ali ndi Mulungu yekha. Anafika pa denga. Analoza kumwamba, analoza mabeseni, nati mvula ikagwa, m'nyumba muno ndi panja sizisiyana, kungoti panja pali malo othawira.

Ali m'kati molankhula kunagunda bingu. Mphepo inawomba chitseko, ndipo mvula inatsika yamphamvu, yoti munthu sangaone nyumba ya mnzake. Bambo wa kamera anasangalala. Anagwada pansi n'kulozetsa kamera pa beseni lalikulu.

"Muona nokha," anatero a Tavutika, chifukwa pakamwa panali patazolowera.

Onse anayang'ana kumwamba. Kenako anayang'ana beseni. Kenako kumwamba. Panja madzi ankathamanga ngati mtsinje, koma m'besenimo munali kangaude akuyenda mosatekeseka. Wa kamera anasamukira pa beseni lina. Mlangizi anayamba kufufuza kanthu m'matumba ake onse.

"Imachedwa kuyamba," anatero a Tavutika.

Anadikira. Mayi wamtali anamwa madzi a m'botolo, omwe anali madzi okhawo pabalazapo.

"Ya leroyi ndi yopingasa," anawonjezera a Tavutika. "Imene imalowa ndi yoongoka."

Mlangizi anamasulira zimenezo ndi nkhope ya munthu amene akumeza mankhwala. Kuchipinda kunamveka kutsokomola, ndipo amene ankawadziwa mayi a pakhomowo akanazindikira kuti sikunali kutsokomola.

Mayi wamtali anaimirira, nkhope ikuwala. Anati wayenda maiko ambiri koma sanaonepo denga la udzu lolimba chonchi. Anati ili ndi luso la anthu eniake, ndipo dziko liyenera kuphunzira. Anafunsa amene anafolera. Anati akalemba kuti m'chigwa muno anthu ayamba kutukuka ndi nzeru zawo. Mvula itakata anagwira a Tavutika chanza mwaulemu waukulu, ndipo galimoto yoyera inanyamuka kulowera ku mlatho wopita kutsidya.

Mlangizi anatsalira. Ulemu wake unali utapita ndi galimoto. Anati mawu akuti kutukuka akangolowa mu lipoti, satulukamo, ndipo dera lina kumpoto linatukuka chaka chatha, pano anthu ake akusowa ndi sopo yemwe. Mwayi unalipo umodzi. Gulu lachiwiri, la ojambula kanema, linali kubwera sabata yotsatira, ndipo amene amaona kanema ndi amene amasonkha ndalama.

"Abambo, ine sindikuuzani chochita," anatero akukwera njinga. "Koma ikadzagwa, kudonthe."

Masiku otsatira a Tavutika anasowa mtendere. Kugolosale anyamata ankawafunsa ngati mvula ya lero ndi yopingasa kapena yoongoka. Mlongo wawo anabweza madengu a matimati ali opepukirapo, osalowa n'komwe m'nyumba. Kunamveka kuti wa kutsidya walandira njinga yakapalasa, ndipo khoma lake lachiwiri layamba kupendekeka. A Tavutika ankangokhala pabalaza, akuyang'ana masaka. Mayiwo anaganiza kuti ndi manyazi chabe, adzatha. Ankawapatsa chakudya, n'kumapita ku dimba.

Tsiku la msika mayiwo anasenza dengu kupita ku msewu wa phula. Malonda anayenda bwino, koma chakumasana kumapiri kunada, ndipo anabwerera msanga. Mvula inawapeza akutsika chitunda. Anathamanga pang'ono, akuseka okha, chifukwa kwa nthawi yoyamba ankathamangira kunyumba osati kukapulumutsa zofunda, koma kukabisala.

Atatsegula chitseko anamva kulira kwa beseni. Linali phokoso limene ankalidziwa kuposa mawu a ana awo. Lina linayankha pakona, lina kuchipinda. Pakati pa balaza panali mpando, pampandopo hamala ndi msomali wautali. A Tavutika anali ataima chapambali, manja m'chiuno, akuyang'ana madontho monga mlimi amayang'anira mbewu zikamera.

"Musayambe kukalipa," anatero. "Taonani kaye. Lililonse likugwera m'beseni mwenimweni. Ndinachita kuyeza ndi chingwe cha alamu. Ndi timabowo tating'ono, amayi, toti nyerere ingalowe cham'mbali. Alendo akapita titseka ndi sopo."

Mayiwo anatula dengu pansi. Analowa kuchipinda. Madzi ankayenda m'masaka, n'kumatsikira pamene afuna, osati pamene anayezeredwa. Mphasa inali itanyowa chakumutu. Anabwerera pabalaza n'kufunsa kuti aboola angati. A Tavutika anati sanawerenge, koma ena awasiya.

"Malata aja ndinawagula limodzilimodzi," anatero mayiwo, mawu ali pansi. "Ndinkasungitsa kwa mwini sitolo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikabwera nalo limodzi muno mudzalipereka kwa alendo kuti akhalire. Lililonse ndikulidziwa. Lina ndi la chaka chimene chitsime chinauma, ndinkatunga kumunsi. Lina ndi la chaka chimene ndinagonekedwa kuchipatala n'kutuluka kukathirira. Inu mwatenga msomali."

"Inu muli ndi matimati," anatero a Tavutika. Mawu a pa misonkhano anali atawathawa. "Mukafika ku msewu anthu amakuitanani, amakudziwani. Ine ndinalima chimanga, chinapsa. Ndinaumba njerwa, zinasweka. Ndinapita ku tauni, ndinabwerako ndi nsapato zokha. Chinthu chimodzi chimene ndinachita anthu n'kuwomba m'manja ndi chimenechi. Mukufuna ndikhale ndani m'chigwa muno? Mwamuna wa mayi wa matimati?"

Mayiwo anakoka mphasa kupita nayo pakona pamene panali pouma, anasuntha thumba la mbewu, anayamba kupukuta pansi. A Tavutika anaona ngati nkhani yatha bwino. Anawathandiza kusuntha beseni limodzi.

Mvula inagwa masiku onse otsatira. Sopo anamatidwa, anasungunuka, anatsika ndi thovu. Masaka ananyowa osaumanso, ndipo nyumba inayamba kununkha utsi wa matayala wosakaniza ndi nkhungu. Chifuwa cha mayiwo chinabwerera ngati mlendo amene anangopita kukatenga katundu wake. Ku dimba anasiya kupita. Matimati anayamba kuphulika pa mitengo.

A kanema anabwera ndi galimoto ziwiri, nyali zawo ndi chinthu chaubweya chotolera mawu. Kumwamba kunawakomera mtima. A Tavutika atangoloza denga, mvula inayamba, ndipo mabeseni analira onse, lililonse ndi mawu ake. Dontho lina linagwera pa mphumi pa wojambula, iye n'kukana kupukuta. A Tavutika analankhula kuposa masiku onse. Mlangizi ankamasulira ndi manja omwe.

Chapakati pa mawuwo kuchipinda kunamveka kutsokomola. Kunali kwenikweni, kochokera pansi pa nthiti, kotsatana ndi kamluzu kaja. A Tavutika anakweza chala, onse anakhala chete.

"Mukumva?" anatero. "Ndi akazi anga amenewo. Ndi denga limeneli."

Anakankha nsalu ya pakhomo la chipinda kuti alendo aone bwino. Nyali inalowa. Chinthu chaubweya chinatsika mpaka pafupi ndi pakamwa pa mayiwo, amene anali atakhala chotsamira khoma, bulangete lili m'mapewa. Wojambula anapempha, kudzera mwa mlangizi, ngati angatsokomolenso kamodzi, chifukwa poyamba bingu linasokoneza. Sanafunike kupemphedwa.

Mtsikana wina wa m'gululo analira mpaka anatuluka panja. Ponyamuka anasiya mphatso: chipepala chachikulu cha pulasitiki, chobiriwira, chokhala ndi manja awiri ogwirana pakati, choti ayale padenga. Mlangizi ananong'oneza a Tavutika kuti asachiyale msanga. Anati wa kutsidya wagonja, ndipo mwina kukhala ulendo wina wa ku hotela. Madzulo amayi a m'chigwa anadutsa kudzathokoza. Mlongo uja anabweretsa nkhuku, nati alamu akhululuke, anthu amalankhula zambiri akakhala ndi nkhawa.

Kutacha kunja kunayera. Kalipentala anamva za msomali kugolosale, ndipo anafika ndi makwerero paphewa ndi chitini cha phula m'manja. Sanapereke moni kwa mlamu wake. A Tavutika anali pakhonde, akupinda malaya a ntchito, ndipo anati ngati ndi zomata, amate mwakuti zizitheka kumatula.

Mayiwo anatuluka atavala nsalu yawo yopitira ku msika, mpango uli kumutu. Ankapuma movutikira, koma anaima osagwira khoma. Anayang'ana chitini cha phula, anayang'ana denga.

"Achimwene, phulalo bwererani nalo. Pitani mukabwereke ngolo. Mukhomole malata onse, oboola ndi osaboola omwe."

Kalipentala anafunsa kuti apite nawo kuti. A Tavutika anaimirira, malaya ali m'manja, n'kufunsanso chimodzimodzi.

"Malata apita nane. Udzu muubwezere bwinobwino," anatero mayiwo. "Ndi wa alamu anuwa."